Sitima Ziŵiri pa Njanji Imodzi

Chipoka ndi malo amene njanji idakomana ndi nyanja. Njanji yochokera ku Blantyre, yodzera ku Balaka, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, idafika kuno nipitirira mpaka ku Salima m'chaka cha 1935, chaka chomwecho chimene udatsegulidwa mlatho waukulu wa pa Zambezi. Katundu wochokera ku Beira ankatsika pano ndi kukwera sitima za panyanja kumka kumpoto. M'chaka cha 1979 njanjiyi adaifikitsa ku Lilongwe, ndipo mu 1980 ku Mchinji. Ife amene imvi zayamba kutituluka tidakula tikudziŵira nthaŵi ku kulira kwa sitima, ndipo makolo sankachita kutiuza kaŵiri kuti njanji iri ndi mwini wake.

Ana amene tikuphunzitsa lero sali otero ai. Ambiri a iwo sanakwerepo sitima ya pamtunda chibadwire, ndipo popeza sitima sizidutsa kaŵirikaŵiri monga kale, njanji amaiyesa njira yachidule yopita kusukulu. Amayenda pakati pa zitsulo, amakhalapo pansi kudya mango, ena amaikapo timiyala kuti aone m'mene tidzaphwanyikire. Titafunsa ana a Sitandade 7 chimene woyendetsa sitima angachite ataona mwana pa njanji, pafupifupi onse adayankha ndi mtima wokhazikika kuti aponda buleki naima, monga ichitira minibasi munthu akaiimika pa mseu. Yankho limenelo lidatisoŵetsa tulo. Kukalipa pa mzere wa m'maŵa tidakalipa, koma mau a pa mzere amapita ndi mwera. Tsono tidapangana ndi aphunzitsi anzathu aŵiri kuti timange njanji yathuyathu kuseri kwa makalasi, yaing'ono koma yogwira ntchito, kuti anawo aziyendetsa okha.

Luso sitidachite kukalifuna kutali, pakuti mwana aliyense wa kuno amadziŵa kupinda galimoto ya waya. Zitsulo za njanji tidapanga ndi waya wokhuthala wa mpanda, woongola ndi nyundo pa mwala, ndipo tidaukhomera pa timitanda ta nsungwi. Gudumu la sitima liri ndi mlomo chamkati umene umaligwira kuti lisatuluke pa njanji. Ife tidaphatika chitsekerero cha botolo ndi kachitsulo kozungulira kodula ku chitini, kokulirapo pang'ono, ndipo mlomo udapezeka. Mutu wa sitima udalandira kamota ka m'wailesi ya kaseti yakufa, lamba wa mphira wa chubu cha njinga, ndi mabatire aŵiri a tochi. Masamu adaloŵamo osaitanidwa. Pa njanji ya dziko lino, pakati pa zitsulo ziŵirizo pali mamilimita 1,067, ndiwo mapazi 3 ndi mainchesi 6. Tidachepetsa zonse ka 20, ndipo pakati pa mawaya athu padakhala mamilimita 53. Mnyamata wina adaŵerengera kuti kilomita imodzi ifuna mamita 50 a bwalo, ndi kuti tikafuna kufika ku Salima moona, njanji yathu idzadutsa m'minda ya eni ake. Chotero utali tidaudula mwadala: masiteshoni atatu, Mtakataka, Chipoka ndi Salima, tidawapanikiza m'mamita 30.

Pamene mutu wa sitima udali umodzi, zonse zidali chikondwerero. Mavuto adadza ndi mutu wachiŵiri. Njanji yathu ndi imodzi yokha monga iliri yeniyeniyo, ndipo sitima zimapatukirana pa siteshoni basi. Tsiku loyamba lomwe, ya ku Salima ndi ya ku Chipoka zidagundana maso ndi maso pa kamlatho kamene ana adakatcha Linthipe, ndipo mabogi adagwera m'ngalande. Mbali iriyonse idalumbira kuti idafuula poyamba. Tidawaleka akangane, pakuti phunziro lenileni lidayambira pamenepo.

Njira zimene adabwera nazo tidaziyesa imodziimodzi. Kufuula kudalephera, chifukwa pamene ofuula ali makumi anai palibe womva. Adalemba ndondomeko ya nthaŵi pa bolodi, ndipo idagwira ntchito mpaka batire la sitima ina litafooka. Sitimayo idachedwa panjira, ndipo inzake idanyamuka pa nthaŵi yake yolembedwa nikaigunda. Potsiriza msungwana wina wofatsa, amene m'kalasi sakweza mkono kaŵirikaŵiri, adati, "Aphunzitsi, pakhale ndodo imodzi yokha. Amene alibe ndodo asanyamuke."

Tidamuuza kuti nzeru imeneyo anthu a njanji ku Ulaya adaipeza zaka zoposa 150 zapitazo. Tidamuuzanso vuto lake: sitima ziŵiri zikafuna kutsatana kumka mbali imodzi, ndodo imakhala itapita ndi yoyamba ija. Njanji zina zinkadalira mauthenga a pa lamya m'malo mwa ndodo, ndipo m'chaka cha 1874, pa Thorpe pafupi ndi Norwich ku England, ogwira ntchito atamvana molakwa, sitima ziŵiri zidagundana usiku pa njanji imodzi, anthu 25 nafa. Mu 1878 Edward Tyer adapanga makina aŵiri olumikizana ndi waya wa magetsi, amodzi ku siteshoni iyi ena ku inayo. M'makinamo mumakhala tizitsulo tambiri ta chilolezo, koma kamodzi kakatuluka, makina onse aŵiri amadzitseka kufikira kachitsuloko katabwezedwa mbali iriyonse. Makina otero ife sitikadatha kuwapanga. Kwathu ndodo ikatsalira ku Salima, mwana wa miyendo yopepuka amathamanga kukaitenga. Chimene tidatha ndi ichi: ndodo yathu ndi kachitsulo ka mkuŵa kamene kamaloŵa pakati pa mabatire aŵiri aja. Popanda iko, mota sizungulira. Kamodzi tidakalemba "Salima–Chipoka", kena "Chipoka–Mtakataka".

Ntchito imene idatitengera masabata ambiri ndi ya zizindikiro. Pa khomo la siteshoni iriyonse tidaimika mtengo wokhala ndi mkono wa chitini wopaka utoto wofiira. Mkono ukatambasuka chopingasa, ndiye kuti ima, ukaŵerama, pita. Mkulu wa siteshoni amaukoka ali patali ndi chogwirira cha thabwa ndi waya wa mabuleki a njinga. Ana adafuna kuti kukoka kuziimika mkono, kuleka kuziugwetsa, popeza kutero nkosavuta kupanga. Tidawapatsa lumo kuti adule chingwe cha chizindikiro chotero pamene chikuti ima. Mkono udagwa wokha, nuuza sitima kuti ipite. Padakhala chete. Pamenepo tidamangirira kumbuyo kwa mkono mwala wa pa ukonde, umene mwana wa msodzi adabwera nawo, kuti kulemera kwake kuziukweza nthaŵi zonse. Tsopano munthu amachita kukoka ndi mphamvu kuti chizindikiro chinene pita, ndipo waya akaduka, kapena wokokayo akataya chogwirira, mwala umabwezera mkono pa ima. M'maganizo athu, pa zonse zimene tidamanga, palibe choposa mwala umenewu.

Nkhani imene imatsimikiza zimenezi imatikhudza ife a mpingo, chifukwa ndi ya ana a Sande Sukulu. Pa 12 Juni 1889, sitima yodzaza ana ndi makolo ao idanyamuka ku Armagh, ku Ireland, pa ulendo wokasangalala ku nyanja. Pa chitunda mutu wa sitima udalephera kukoka. Ogwira ntchito adadula mabogi 10 a kumbuyo kuti akwere ndi ena poyamba, natsekera magudumu a otsalawo ndi miyala. Mabuleki a sitimayo adali a mtundu umene umamasuka paipi yake ikalekanitsidwa ndi mutu. Mabogi aja adaphwanya miyala, natsetsereka chambuyo, nagunda sitima ina imene idaloledwa kutsatira chifukwa chakuti mphindi zoikika zidali zitakwana. Anthu 80 adafa, ena mwa iwo ana. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya ku Britain idakhazikitsa lamulo lakuti pa njanji zonyamula anthu, sitima isaloŵe m'chigawo inzake isanatulukemo, zizindikiro zimangidwe pamodzi ndi zopatutsira njanji, ndipo mabuleki akhale ogwira okha sitima ikaduka. Ana athu adamvetsera ali duu, ndipo wina adafunsa ngati aphunzitsi a Sande Sukuluwo adapulumuka. Ana amafunsa zimene mabuku a mbiri safulumira kuyankha.

Kumanga chizindikiro pamodzi ndi chopatutsira njanji, kumene John Saxby adakuyambitsa mu 1856, kudaoneka kovuta pokamba koma kosavuta m'manja. Aliyense amadziŵa mpiringidzo wa chitseko. Pansi pa zogwirira ziŵiri tidaika kathabwa kotsetsereka, kokhala ndi mphako imodzi. Chopatutsira chikaloza njanji imene muli kale sitima, mphakoyo siyang'anana ndi chogwirira cha chizindikiro, ndipo ngakhale mwana akoke ndi manja aŵiri, sichisuntha. Ndipo chizindikiro chikanena pita, kathabwako kamagwira chopatutsira kuti wina asachitembenuze sitima iri pamwamba pake.

Zonsezi zitatha, ana adayamba kunyada kuti ngozi pa njanji yao yatheratu. Sipadapite sabata, idachitikanso. Sitima yochokera ku Mtakataka itafika pa Chipoka, woyendetsa adapereka kachitsulo kake kwa mkulu wa siteshoni, ndipo uyu, maso ali ku mpira umene unkaseŵeredwa pa bwalo, adambwezera komweko. Woyendetsa sadakaŵerenge, adakaloŵetsa pakati pa mabatire, mota nizungulira, pakuti mota sidziŵa kuŵerenga. Nthaŵi yomweyo ya ku Salima idali panjira ndi kachitsulo koyenera. Zomwezi zidachitika ndi sitima zenizeni pa Abermule, ku Wales, pa 26 Januwale 1921. Makina a Tyer adalipo ndipo adali bwinobwino, koma ogwira ntchito pa siteshoni adabwezera woyendetsa kachitsulo ka chigawo chimene adali atachokamo, iye osakayang'ana, ndipo anthu 17 adafa. Safunsa adadya phula, amatero akulu. Kuyambira tsiku lija, pa njanji yathu wopereka amaŵerenga mokweza dzina lolembedwa pa kachitsulo, wolandira naye aliŵerenga mokweza, ndipo akatero ndi pamene gadi amakweza mbendera yobiriŵira. Msungwana wa ndodo uja adaonjezapo yake: adasema mphako ziŵiri zosiyana, kotero kuti chizindikiro chotulukira ku Salima sichimasuka popanda kachitsulo ka ku Salima.

Funso la minibasi lija tidabwerera nalo pa mapeto, sitima zikuyenda bwino. Tidakoleka mabogi 6 opanda kanthu, sitima nithamanga, ndipo pa chikhomo china mwana adasolola kachitsulo ka mkuŵa. Tidaika chizindikiro cha choko pamene idaima. Kenaka tidadzaza mabogiwo mchenga wa kunyanja, tidachotsa lamba wa mota, ndi kuikankha pa liŵiro lomwelo. Idapitirira choko chija kutali, nigwetsa kachidole ka dothi kamene ana adakaimika pa njanji. Tidawafotokozera kuti chitsulo pa chitsulo chimaterera, sichigwira monga mphira pa tara, ndi kuti sitima ya katundu yolemera imatha mamita mazanamazana isanaime, woyendetsa atamanga kale mabuleki onse. Kukhota kuti apewe munthu sangathenso. Kachidoleko adakaumba okha, ndipo mwini wake adakatola zidutswa osanena kanthu.

Si onse adakondwa nayo ntchitoyi. Mkulu wa mpingo mnzathu, amene mdzukulu wake ali m'kalasimo, adatiimika titatuluka m'mapemphero nati, "Aphunzitsi, kodi ana athuŵa mayeso adzalemba a zidole?" Funsolo lidali loyenera, chifukwa mayeso a Sitandade 8 sachitira chifundo mwana wosakonzeka, ndipo ndi chifukwa chake njanji imatsegulidwa Lachisanu masana okha, maphunziro atatha. Tidawapempha abambowo kuti adzaone. Adabwera atavala jekete, naima patali ngati munthu wodzaŵeruza mlandu. Ana adawapatsa udindo wolonda pamene kamseu kadutsa njanji. Sitima itayandikira, iwo adali kucheza ndi mphunzitsi mnzathu, mtanda wotsekera mseu uli chitsegukire. Mdzukulu wao, amene adali gadi tsikulo, adakweza mbendera yofiira, sitima niima, ndipo adati mwaulemu, "Agogo, sitidutsa mpaka mutseke." Adatseka. Lachisanu lotsatira adabwera ndi nati ziŵiri zazikulu za ngolo, ati nzolemera bwino kuposa miyala ya ukonde.

Chiswe chadya timitanda ta pakati pa Chipoka ndi Mtakataka, ndipo mvula isanayambe tiyenera kuzula njanji yonse ndi kuisunga m'kalasi. Chaka chamaŵa ana akufuna kuonjezera nthambi yotsikira ku doko. Adamva kuti Ilala adaimanga ku Scotland mu 1949, nabwera nayo zidutswazidutswa kudzera ku Beira mpaka kuno ku Chipoka isanayambe ulendo wake pa nyanja mu 1951, ndipo akufuna kuti sitima yao ya katundu inyamule Ilala ya zitini m'mabogi. Nthambi imeneyo idzafuna chopatutsira china, chizindikiro china ndi kachitsulo kachitatu. Mkuŵa tiri nawo wokwanira. Chimene sanagwirizanebe ndi chakuti kachitsuloko kazisungidwa ndi mkulu wa siteshoni kapena mkulu wa doko.