Ku Chapananga, Jet Li amalankhula Chichewa

Ukamatsetsereka phiri kuchokera ku Blantyre kulowera ku Thabwa, juzi imayamba kukulemera usanafike n'komwe pa mlatho wa Kamuzu. Minibasi inanditula pa Dyeratu, ndipo kuchoka pa boma la Chikwawa kulowera kumadzulo ndinadalira kabaza wa njinga yamoto. Tinadutsa milambe yoyoyoka masamba, minda ya thonje ndi mapira yokolola kale, ndiponso mbuzi zosadziwa hutala. Mtsinje wa Mwanza tinaupeza uli mchenga wokhawokha. Mlendo sangakhulupirire kuti ndi womwewu umene unagumula mlatho wa Chapananga mu Januwale 2022, pamene namondwe Ana anawononganso malo opangira magetsi a Kapichira.

Ndinapita kukaona abale, koma chimene chinandigwira mtima ndinachipeza pamsika dzuwa litapendeka. Sipika yomangirira pamtengo inkalira zibakera ndi mfuti. Pansi pake panali chisakasa cha mphasa, chokutidwa ndi mapepala akuda apulasitiki kuti kuwala kusalowe, ndipo pakhomo panali bolodi lolembedwa ndi choko: mafilimu a tsikulo ndi mpira wa Loweruka. Iyi ndiyo vidiyo shoo. Ana opanda ndalama anali atagunditsa nkhope pamphasa, aliyense ali ndi kabowo kake, kwinaku mnyamata wapakhomo akuwaopseza ndi kamtengo.

Ndinalipira n'kulowa. M'katimo munali thukuta, fungo la mtedza wokazinga ndi mabenchi odzaza. Pa TV yoyendera batire ya sola, Jet Li ankathibula adani ake, koma pakamwa pake pankatuluka Chichewa cha ku Ndirande. Womasulira filimuyo, amene achinyamata amangoti DJ, anali atamupatsa dzina lachimalawi, mzinda wa ku China n'kuusandutsa Limbe, chakudya cha m'mbale n'kuchitcha nsima ya dzulo. Mdani akagwa, DJ ankamufunsa ngati anatsanzika kwawo. Anthu ankaseka mpaka kugwirana mapewa, ena akumalizitsa mawu DJ asanawanene. Palibe amene ankaonera ali duu. Onse anali m'kati mwa nkhondoyo.

Filimu itatha ndinacheza ndi mwini malowo, bambo wachikulire ndithu. Sananditchulire za TV kapena sipika, poti zimenezo munthu ukagulitsa thonje ndi mbuzi ziwiri umagula. Chimene chimawasowetsa tulo ndi choonetsa. Filimu ikabwerezedwa kangapo mabenchi amakhala okha, ndiye amayenera kutuma munthu ndi fulashi kukabenetsa zatsopano. Masiku ano achinyamata ambiri ali ndi mafilimu omwewo pa memore khadi ya foni, choncho chimene chimadzaza chisakasa mosakayikitsa ndi mpira wa ku England basi.

Pomwepo ndinakumbukira Sphere, chinyumba chozungulira chimene chinatsegulidwa ku Las Vegas mu 2023 atawonongerapo ndalama zoposa madola 2 biliyoni. Kumeneko chithunzi chimakuzinga kutsogolo, m'mbali ndi kumwamba, mpando umanjenjemera, ndipo mphepo ndi fungo zimakupeza pomwe wakhalapo. Koma filimu wamba siikwanira pachinsalu chotere. Eni ake anachita kupanga kamera yawoyawo yotchedwa Big Sky, n'kuitana Darren Aronofsky kuti ajambule Postcard from Earth. Mu 2025 anatenga The Wizard of Oz ya 1939 n'kuikonzanso kuti idzaze chinsalucho. Vuto la mabiliyoneya aja ndi lomwe lija la bambo wa ku Chapananga: nkhokwe ingakongole bwanji, ikakhala yopanda chimanga ana amagona ndi njala.

Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anathira ndalama popanga zoonetsa, pamene ife timangobwereka za eni n'kuzipaka Chichewa. Sikuti opanga mafilimu tilibe. Shemu Joyah anatipatsa Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise. Filimu ya Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe inapata mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice ku Nigeria mu 2016. Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu inafika pa Netflix mu 2019, Chiwetel Ejiofor akuyesetsa kulankhula Chichewa. Komatu pabolodi la choko lija panalibe ngakhale imodzi mwa izi. Zakwathu zimene anthu amene ndinakhala nawo pabenchi ankazikumbukira ndi nthabwala za Izeki ndi Jakobo komanso Manganya wa mu Tikuferanji.

Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Wojambula filimu amalipira kamera, osewera, galimoto ndi chakudya. Ikangotuluka, obena amaigawa pa mafulashi, iye osaonapo ngakhale tambala, ngakhale kuti bungwe la COSOMA lilipo loteteza ntchito za aluso. Ndiye amaiteteza poionetsa m'mahotela a m'tauni, kumene munthu wa ku Chapananga sadzapondako.

Chonsecho chigwa cha Shire chino chadzaza nkhani. Kuli Mbona ndi kachisi wake wa ku Khulubvi ku Nsanje. Kuli Amakololo amene anabwera ndi David Livingstone n'kusanduka mafumu m'mbali mwa Shire. Kuli Majete, imene inatsala pang'ono kutheratu nyama mpaka bungwe la African Parks litaitenga mu 2003 n'kubwezeretsamo njovu, zipembere ndi mikango. Kulinso mabanja amene anakwera m'mitengo usiku madzi atalowa m'nyumba. DJ uja amachita kuvutika kuveka mlendo dzina lakwathu chifukwa akudziwa chimene anthu akufuna: kudziona okha ndi kumva chinenero chawo.

Pobwerera m'mawa mwake, mnyamata wa kabaza anandifotokozera mmene anawolotsera mayi wodwala pa Mwanza madzi ali m'chiuno, njinga atainyamula anthu anayi. Pofika pa Dyeratu ndinali nditamva filimu yathunthu, yoyambira ndi mathero ake. Zisakasa zoonetsera zilipo kale pafupifupi pamsika uliwonse, ndipo oonera amalipira tsiku ndi tsiku. Chatsala n'chakuti opanga mafilimu, eni mavidiyo shoo ndi obena akhale pansi, agwirizane mmene kandalama kapakhomo kaja kangafikireko kwa amene anagwira kamera.