Ndikulumikiza mafupa ku England, mtima uli kwathu

Kuno ku England ntchito ya opaleshoni ya mafupa ikadali m'manja mwa amuna. Pa madokotala akuluakulu 10 alionse a mafupa, kupezapo mkazi mmodzi ndi mwayi. Ine ndine mkazi, Mmalawi, ndipo m'mawa tikamaunika zithunzi za ekisire za anthu amene athyoka usiku, wonga ine m'chipindamo ndimakhala ndekha. Nthawi zina wodwala amandipempha mwaulemu kuti ndikamuitanire dokotala, chonsecho amene amuchite opaleshoni ndine ndemwe.

Nkhani yopatsa aliyense mpata imakambidwa kwambiri kuno. Mu 2021 bungwe la Royal College of Surgeons of England linatulutsa lipoti la Baroness Helena Kennedy, lomwe linanena mosabisa kuti akazi ambiri ndi madokotala omwe si azungu saona bungwelo ngati lawo. Malemu Clare Marx, dokotala wa mafupa, anali atalambula kale njira: mu 2008 anakhala mkazi woyamba kutsogolera British Orthopaedic Association, ndipo mu 2014 anatsogoleranso Royal College yomweyo.

Koma kulandiridwa kwenikweni kumaoneka pa zinthu zimene timagwira tsiku ndi tsiku. Chovala chamtovu chotiteteza ku cheza cha ekisire anachisoka poyeza thupi la mwamuna, motero kwa ife chimasiya mpata kukhwapa, pafupi ndi bere. Makina obowolera fupa anawapangira chikhato chachikulu. Ndandanda ya ntchito ya usiku imaiwala kuti dokotala angakhalenso mayi woyamwitsa. Zikwangwani zokongola pakhoma sizikonza zimenezi.

Mu Disembala ndikatuluka ku fiyeta 4 koloko madzulo, kunja kumakhala kutada kale, chisanu chili chobaya m'mafupa. Pamenepo ndi pamene kwathu kumandibwerera. Ndimadziwa kuti mvula yagwa, chimanga chamera, ana akutola ngumbi pansi pa getsi, mango ali mbwee. Ndimasowa phokoso la m'wodi za kwathu, utsi wa kukhitchini ya odwazika matenda, agogo ondiitana kuti "adokotala" kwinaku akundifunsa ngati ndadya. Kuno wodi ndi yaukhondo, zipangizo zilipo zonse, koma nkhalamba yothyoka chiuno imagona yokha kuseri kwa katani, osaona wachibale mpaka nthawi yozonda odwala itakwana.

Nkhani yopatsa aliyense mpata imene amakambirana kunoyi, kwathu tinaiyamba kale mwa njira yathu. Mu 1985 Dr Edward Blair anayambitsa maphunziro a miyezi 18 a ma orthopaedic clinical officer, kuti anthu omwe si madokotala a digiri aziwongola mafupa m'zipatala za m'maboma. Mpaka lero ndi iwowa amene amaika chikhakha mwana wogwa mumtengo wa mango ndi kulandira wakabaza wogundidwa pamsewu. Tikanaumirira kuti fupa ligwiridwe ndi dokotala wamkulu yekha, bwenzi ambiri atalumala.

Komabe kwathunso mtsikana amauzidwa kuti mafupa amafuna nyonga za mwamuna. Limeneli ndi bodza. Fupa limabwerera m'malo mwake ndi luso, podziwa kokokera ndi kopotolera.

Lamlungu lililonse amayi amandifunsa pa WhatsApp: "Mwanangu, kodi mafupa a azunguwo sakutha?" Ndimaseka, ndi kuwayankha kuti, "Amayi, ndatsala pang'ono." Sindiwanamiza. Kuyambira 2023 pa Kamuzu Central Hospital pali chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, ndipo kudzera ku bungwe lophunzitsa opaleshoni la COSECSA dokotala angathe kuphunzira opaleshoni ali kwawo konko. Ndikamaliza kuno ndikufuna kukagwira ntchito kumeneko, ndi kukayendera ophunzira achitsikana a ku yunivesite ya KUHeS asanasankhe mbali ya udokotala, ndiwagwiritse chobowolera fupa m'manja kuti adzionere okha kuti angathe.