Nchito Yosalembedwa pa Tikiti

Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kutulutsa mkuwa m'caka ca 1931. M'zaka zimenezo amuna ambiri a ku Fort Jameson, kumene lero tikucha Chipata, ananka ku migodi kukafuna ndalama za msonkho. Mmodzi wa iwo anasiya mkazi wace m'mudzi wina pafupi ndi Katete, ali ndi ana atatu ndiponso amace okalamba amene maso ao anali atacita khungu.

Ku migodi mwamunayo anali ndi tikiti. Tsiku liri lonse kapitao analembapo, ndipo akakwanitsa masiku 30 analandira masheleni ace. Mkaziyo analibe tikiti.

Tambala atalira, iye anali kale pa njira ya kucitsime, mtsuko uli pamutu. Pobwera anasambitsa ana, natulutsa nkhalamba ija kuti iothere dzuwa, nasenza khasu kunka kumunda. Koma nchito yomtopetsa koposa inali ya ufa. Ana inu mudziwa kuti ufa woyera sucokera m'nkhokwe uli woyera kale. Cimanga ayamba acikonola mu mtondo, napeta gaga ndi licero, nabviika mphaleyo m'madzi masiku angapo. Atatero aitsuka, naisinja, nasefa, nayanika pamphasa, uku alikuingitsa nkhuku. Ufa umenewo usanathe, wina ayenera kuuyamba.

Patapita zaka mwamuna uja anabwera ali wodwala cifuwa, wosakhoza kugwira khasu. Amene anamphikira phala ndi kumsonkhera moto usiku ndiye mkazi yemweyo. Pamenepo mwana wao woyamba anali atakula, ndipo nayenso anakalembedwa nchito ku migodi. Azungu a kumeneko analandira mnyamata wamphamvu, osafunsa kuti anamlera ndani, kapena kuti nsima ya zaka zonsezo inadya mtengo wanji. Malipiro ace anayambira tsiku limene anafika pa cipata.

Lero pa Katete pali zigayo. Munthu akapita ndi thumba la cimanga alipira makwaca, ndipo owerenga cuma ca dziko aiwerenga nchitoyo, cifukwa ndalama yaturuka m'thumba la wina kulowa m'thumba la mnzace. Ufawo ndi womwewo umene mai uja anaupanga ndi munsi. Adzukulu ace akazi sasinjanso kawirikawiri, koma madzi atungabe, ndipo wodwala akagonekedwa m'cipatala, iwo ndiwo agona pansi pambali pa kama wace.