Mahatchi a ku Malealea

Ife a ku Malawi timakula tikungomva za akavalo m'Baibulo. Kwathu ku Ntcheu kuli abulu ndi ng'ombe zokoka ngolo, koma munthu ukhoza kumera imvi usanaonepo hatchi ndi maso ako. Nyamayi sichedwa kufa m'madera otentha chifukwa cha kashembe ndi matenda ena obwera ndi tizilombo toluma, n'chifukwa chake ochepa amene amaweta amakonda malo ozizira ngati pamwamba pa phiri la Zomba. Ku Lesotho n'kwina. Kumeneko hatchi umaipeza itamangidwa pakhomo pa golosale ngati njinga ya kabaza, mwini wake atafunda bulangete, akugula parafini.

Dziko lonselo ndi phiri. Malo ake otsika kwambiri ali pa mamita pafupifupi 1,400, ndipo nsonga ya Thabana Ntlenyana imafika mamita 3,482, kuisiya Sapitwa wathu kumbuyo. Mahatchi anafika ku Cape ndi Adatchi m'zaka za m'ma 1650, ndipo Abasotho anayamba kukhala nawo cha m'ma 1830, nthawi ya mfumu Moshoeshoe woyamba. Miyala, chisanu ndi msipu wochepa zinasankha okha opirira: aafupi, a ziboda zolimba, osaopa phompho. Pa nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi ya 1899 mpaka 1902, asilikali anagula mahatchi ambirimbiri, osankha abwino okhaokha, moti mtunduwo unatsala pang'ono kutha. M'zaka za m'ma 1970 dziko la Ireland linathandiza boma la Lesotho kuudzutsanso.

Ine ndinanyamukira ku Malealea, ulendo wa masiku atatu wopita ku mathithi a Ribaneng. Tinali alendo anayi, wotitsogolera mmodzi, ndi hatchi ina yongonyamula zikwama. Mahatchiwo ndi a anthu a m'midzi yozungulira, ndipo eni ake amasinthana kubwereketsa kuti ndalama ya alendo isamangolowa nyumba imodzi.

Potsikira mumtsinje wa Makhaleng m'pamene mtima unathawira kukhosi. Kanjira kake n'kongokwana phazi, miyala yogubuduka, kumanzere kuli phompho. Manja anga anangoti gwa pa zingwe. Wotitsogolera uja anatembenuka n'kunena m'Chingerezi, "Ntate, masulani zingwe, tsamirani kumbuyo. Iyeyo njirayi waiyenda kuposa ine." Ndinamasula. Hatchi inaweramitsa mutu, kununkhiza mwala, kuponda ndi chiboda chimodzi ngati ikuyesa, kenako n'kutsetsereka pang'ono miyendo yakumbuyo itapinda. Inachita zimenezi kwa theka la ola, ine pamsana ndili ngati thumba la chimanga.

Usiku tinagona m'nyumba yozungulira ya miyala, yofolera ndi udzu, imene mayi wina amabwereketsa kwa apaulendo. Mitengo kulibe, choncho moto wake ndi wa ndowe zouma, utsi wake wolowa mpaka m'mafupa. Anatiphikira papa ndi moroho, yomwe ndi nsima ndi ndiwo zamasamba basi, kungoti ufa wake ngokhakhala. Mahatchi anawavula zishalo n'kuwasiya adye. Apo ndinaona kuti ija yonyamula katundu inali ndi chilonda pamsana, pomwe chishalo chakale chimakhula. Mwini wake anachipaka mankhwala, ndipo m'mawa anachiikanso chishalo chomwecho. Kuipumitsa sabata imodzi n'kutaya ndalama ya fizi.

Tili pamoto, mmodzi wa anzathu, mzungu wa ku Ulaya, anati akupemphera kuti msewu usadzafike kuno, pakuti udzaononga bata. Wotitsogolera anangoseka. Kenako anandiuza kuti hatchi imene ndinakwerayo ndi yomwe inanyamula mkazi wake atadwala matenda a kumudzi, maola asanu kupita kuchipatala, kunja kukugwa chipale. Mwanayo ali moyo, akuphunzira. Wa mlongo wake sanafike.

Ndinakhala kumbali ya bamboyo, ndipo ndikadali komweko, ngakhale ndikudziwa kuti chimene ndinalipirira ndi kusowa kwa msewu komweko. Ku Semonkong, kumene kuli mathithi a Maletsunyane otalika mamita 192, phula linafika kale. Minibasi zimapita, koma anthu a m'midzi ya kuseri kwa mapiri amabwerabe pa mahatchi kudzagula ufa, chifukwa phula silikwera chigwa chilichonse. Vuto limene ndinaliona ndi maso n'la msipu. Nkhosa, mbuzi ndi mahatchi zadya udzu mpaka kumizu, ndipo mvula yakumba zigwembe zakuya moti nyumba ikhoza kulowamo. M'malo awiri tinazungulira chifukwa kanjira kakale kanagumukira m'chigwembe.

Tsiku lachitatu miyendo yanga inali itakana kuwongoka. Potsazikana bambo uja anandifunsa kuti kwathu wodwala timapita naye pa chiyani kuchipatala. Ndinati pa ngolo, kapena pa njinga, wina akukankha. Anapukusa mutu n'kuti njinga siingatsike Makhaleng, kenako anamanga mahatchi onse asanu ndi limodzi pa chingwe chimodzi n'kuyamba kukawabweza kwa eni ake dzuwa lisanalowe.