Agogo Okana Kusamukira Kumtunda

Sabata ino tikufuna kugawana nanu zimene zinatichitikira ndi ana a Fomu 1 ndi Fomu 2 amene timawaphunzitsa zisudzo madzulo, dzuwa la kuno ku Chigwa cha Shire likapepuka.

Tinayamba ndi mtima wofuna chikho. Maso athu anali pa mpikisano wa ATEM, kumene sukulu zimapikisana m'Chingerezi, choncho tinawalembera mawu oti aloweze. Analowezadi, koma powalankhula ankangokhala ngati akuitana mayina m'kaundula. Tinawasimbira za Du Chisiza Jr. ndi gulu lake la Wakhumbata. Tinawauzanso kuti sewero la Steve Chimombo, The Rainmaker, lomwe linasindikizidwa mu 1978, likunena za Mbona wathu yemweyu wa ku Khulubvi. Anamvetsera mwaulemu, basi.

Tsiku lina tinaika mapepala pambali ndi kuwapempha kuti atisonyeze usiku umene madzi anabwera. Anawa anaona namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Ena anagonapo m'makalasi osanduka misasa. Mtsikana wina, amene teremu yonse sitinamvepo liwu lake, anamanga duku, nawerama, nasanduka agogo okana kusamukira kumtunda. Analankhula Chisena chokhachokha. Anati manda a amuna awo ali pomwepo, dimba la chimanga ndi mbatata lili pomwepo, nanga kumtunda akadya miyala?

Tiulule kuti ife tinkafuna agogowo akhale liuma loseketsa, kuti oonera aseke kenaka atolepo phunziro. Palibe anaseka. Mnyamata amene ankasewera ngati mkulu wa boma anasowa poyankha. Anaima kanthawi, nati chapansipansi, "Aphunzitsi, agogo anga ananenanso chomwecho." Sitinafunse kuti zinatha bwanji, nkhope za anzake zinatiuza.

Tinaweruka msanga tsiku limenelo, ndipo panjira tinatsutsana. Ena mwa ife ankati tatokosa chilonda cha mwana chifukwa chofuna sewero labwino, ndipo mpaka lero sitinganene kuti analakwa kutero.

Mawa lake mnyamatayo anafika woyamba. Anapempha kuti mbali ya mkulu wa boma tipatse wina, iye akhale wopalasa bwato. Anabwera ndi nsungwi yaitali yochokera kwawo, ndipo anatilangiza aphunzitsi ake mmene munthu amaimira m'bwato madzi akamathamanga.