Kwa achemwali anga ku Lizulu: mwanayo si wouma mutu

Achemwali anga okondedwa,

Chandilembetsa kalatayi ndi zomwe ndinaona usiku uja ndinagona kwanu pochokera kumaliro ku Tsangano. Mphwanga, mwana wanu uja, anatenga buku lake la sayansi la Sitandade 5 n'kuwerenga ndime yonse mokweza, chala chikutsata mzere, osaphonya liwu. Alamu atamufunsa kuti wamvapo chiyani, mwana anangoti kakasi. Mawu munanena aja, akuti ameneyu ndi wouma mutu, sakundichoka mumtima. Lamulo lomwe mwaika loti asamagwire buku la Chichewa pakhomo kuti Chingerezi chilowe, ine ndikulikana. Ndalemba poyera chifukwa makolo ambiri kwathuko akuganiza ngati inu.

Kumbukirani ku Nkolimbo nthawi ya mwambo wa Umhlangano. Amuna akamavina ngoma, nyimbo zina amaziimba m'Chingoni, mawu ake osalakwitsa. Koma mutawapatula mmodzimmodzi n'kuwafunsa tanthauzo, angayankhe ndi angati? Ife a kwa Gomani chilankhulo cha makolo chinatipulumuka, tinatsala ndi kamvekedwe kake. Lilime limatha kunyamula mawu omwe mutu sunawamasule. N'zimene anachita mwana uja.

Diso la munthu wowerenga silitsetsereka pamzere monga timaganizira. Dokotala wa maso wa ku Paris, Émile Javal, anafotokoza kale m'zaka za m'ma 1870 kuti limayenda modumphadumpha. Ndinene kuti ngati chiwala: kutera, kudumpha, kuteranso, kanayi kapena kasanu pa sekondi imodzi. Wozolowera kuwerenga chilankhulo chomwe anayamwira amalumpha timawu tina osatiyang'ana n'komwe, chifukwa mutu wake watsogola. Inu mukamawerenga Buku Lopatulika ku Mvano, mukangoona “zipatso”, khutu lanu layamba kale kudikira “zonse” kapena “zapsa”. Simudziwa kuti mukuchita zimenezi, koma n'zomwe zimakuyendetsani mofulumira.

Taonani ziganizo ziwiri izi: “Mtengo wa feteleza wakwera” ndi “Mwana wakwera mtengo.” Papepala liwulo ndi limodzi, koma pakamwa timalikweza ndi kulitsitsa mosiyana. Kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu, mumaikamo nokha osaima. Mzungu wophunzira Chichewa amaima pamenepo n'kubwerera m'mbuyo, ngakhale ali ndi madigiri.

Chinanso, ndipo ichi ndicho chimandisangalatsa kwambiri. Tikati “Mbuzi yawagunda agogo” kapena “Agogo yawagunda mbuzi”, wopweteka ndi agogo basi. Chomwe chikutiuza ndi ka “ya” ndi ka “wa” tomwe tabisala m'mneni. Sam Mchombo, Mmalawi yemwe waphunzitsa zaka zambiri ku Berkeley, analemba buku lonse la kamangidwe ka ziganizo zathu mu 2004, ndipo nkhani ya timawu timeneti ilimo. Chingerezi sichitero. Kumeneko wochita ndi wochitiridwa amadziwika ndi malo omwe aima m'chiganizo. Mukawasinthanitsa, ndiye kuti agogo ndiwo agunda mbuzi. Mphwanga wakhala moyo wake wonse akusuzumira m'mneni kuti adziwe wachita ndani. Lero akusuzumiramo, akupeza mulibe kanthu.

Onjezanipo zilembo. Kwathu “a” ndi “a” kulikonse, pomwe m'Chingerezi chilembo chomwecho chimasintha mamvekedwe malinga ndi liwu. Choncho mwana amalimbana ndi katchulidwe, kenako kufunafuna tanthauzo, kenako kulitembenuzira m'Chichewa, liwu lililonse katatu. Mutu wa munthu aliyense umagwira zinthu zochepa pakanthawi, ngati mayi wonyamula tomato m'manja wopanda beseni. Pomwe mwana akufika kumapeto kwa chiganizo, zakumayambiriro zagwa kale.

Inenso zimandichitikira. Ndikadumpha msewu wa M1 pamsika wanu wa Lizulupo n'kuponda ku Mozambique, ndikapeza chikwangwani cha Chipwitikizi ndimawerenga ngati mwana wa Sitandade 2, milomo ikugwedera, ine mphunzitsi wa zaka zambiri. Nzeru zanga sizinatsale tsidya lino la msewu. Chomwe ndilibe ndi mawu a chilankhulocho m'khutu mwanga.

Mwina muti, ndiye bwanji osamumiza m'Chingerezi chokhachokha? Anzathu a ku Zambia anayesa. Kuyambira m'ma 1960 ana awo ankaphunzira m'Chingerezi kuchokera kalasi yoyamba, pomwe ife kuyambira 1968 tinkaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4. M'zaka za m'ma 1990 katswiri wina, Eddie Williams, anayesa ana a maiko awiriwa. Pa Chingerezi ana a ku Malawi sanatsalire, koma pa chilankhulo chakwawo anawerenga bwino kuposa anzawo a ku Zambia omwe anayesedwa m'Chinyanja. Chichewa sichinawabere kalikonse. Luso lotsata chiganizo mpaka kumapeto, lodzifunsa kuti ndamva kapena sindinamve, mwana amaliphunzira kamodzi, ndipo amaliphunzira msanga m'chilankhulo chomwe amalotera. Akalipeza amapita nalo ku Chingerezi.

Sindikunyoza Chingerezi, achemwali. Mayeso a Sitandade 8 akumudikira, ndipo ambiri mwa mapepala ake ndi a Chingerezi. Sindikunenanso kuti kubadwa ndi Chichewa n'kokwanira. Ndaphunzitsapo ana ambiri olankhula bwino koma ododa powerenga chifukwa kunyumba kulibe choti awerenge. Chomwe ndikupempha n'chochepa. Akawerenga ndime ya Chingerezi, mufunseni m'Chichewa ndipo muloleni ayankhe m'Chichewa. Liwu lomwe lamutsamwitsa alilembe, mawa akafunse aphunzitsi. Ndime yomweyo aibwereze kawiri katatu mpaka diso lisiye kutera paliponse. Auzeni alamu mwaulemu kuti kukalipa kumangodzaza mutu wa mwana ndi mantha, malo osunga mawu n'kucheperatu.

Ndapatsira kondakitala wa minibasi ya Loweruka kaphukusi. Muli buku la Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josiah Nthara mu 1933, lomwe bambo athu ankatiwerengera pakhonde. Mukatha kudya nsima madzulo, mupatseni mphwanga akuwerengereni tsamba limodzi, ndipo mumufunse kuti wamvapo chiyani. Mukamva yankho lake mundiimbire.

Ndine mlongo wanu wokukondani.