Tsiku Limene Ndinasandutsa Amalume Nyama

Lachinayi lina madzulo ndinali kuwerenga mauthenga pa wailesi yathu ku Chipata. Panabwera uthenga wa pa WhatsApp, wolembedwa m'Chingelezi, wochokera kwa mnyamata wa kwathu ku Tamanda amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Anali atayambana ndi amalume ake pa nkhani ya munda, ndipo anafuna kupepesa mudzi wonse ukumva. Pomaliza analemba kuti, "You are my flesh and blood."

Nthawi inali itatha, ndiye ndinangomasulira mothamanga: "Amalume, inu ndinu nyama yanga ndi magazi anga."

Foni inayamba kulira. Amai ena anafunsa ngati wailesi yayamba kulengeza za ufiti. Sanalakwe. Kwathu amene amaona nyama pa munthu mnzake ndi mfiti. Mnyamata wofuna mtendere uja ndinamuika m'kamwa mau oopseza amalume ake.

Usiku umenewo ndinakhala pansi ndi liu lija, "flesh". Azungu amalitchula ponena mnofu, wa munthu kapena wa nyama, ngakhalenso wa mango. M'Baibulo la Chingelezi limapezeka kawirikawiri pamene Buku Lopatulika limati thupi. N'chifukwa chake pa ukwati abusa amati awiriwa akhala thupi limodzi, osati nyama imodzi. Akati aona munthu "in the flesh", ndiye kuti aonana naye maso ndi maso. Ndipo "flesh and blood" ndi chibale chabe. Ife timangoti magazi amodzi, kapena bere limodzi.

Liu limodzi kwa iwo, koma kwathu mnofu, thupi ndi nyama sizilowa m'mbale imodzi.

Pa Sondo, titatuluka m'tchalitchi cha RCZ, ndinapita kwa akuluwo. Ndinawapeza akukonza mpini wa khasu. Ndinagwada n'kunena kuti, "Pepani atate, cholakwa chinali changa. Mphwanu anati inu ndi iye ndinu magazi amodzi."

Anakhala chete kanthawi, kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndimati mwanayu wakhwimira ku Joni," anatero. "Muuzeni abwere tidzakambirane. Munda suthawa."

Lachinayi lotsatira ndinauwerenganso uthengawo bwinobwino. Kuyambira pamenepo, uthenga wa Chingelezi ndimayamba ndauwerenga kawiri chamumtima ndisanayatse maikolofoni, ngakhale nthawi ithe.